Tayala Linaphwera ku Idaho

Foni inalira Marlys Haugen akupukuta mbale za m'mawa. Anali mkamwini wake, Ramon, ndipo ankalankhula ngati munthu amene njuchi zikumuthamangitsa. Tessa matenda amuyamba, mwana wakana kudikira sabata yamawa monga anawerengera adokotala, ndipo ali kale kuchipatala ku Spokane.

"Tikubwera," anatero Marlys. Kenako anasuzumira pakhomo la kuseri n'kukuwa. "A Wendell! Siyani nkhunizo, mdzukulu wanu wanyamuka!"

Tessa anali mwana wawo mmodzi yekhayo, ndipo uchembere unamuchedwera kwambiri. Pamene khansa ya m'bere inagwetsa Marlys zaka zingapo zapitazo, iye anali atavomereza mumtima kuti adzapita osanyamulako mdzukulu. Khansa ija inagonja, tsitsi linameranso, koma mankhwala amphamvu a kuchipatala anamusiyira chilema chosaoneka ndi maso. Mitsempha ya kumapazi inawonongeka. Masana ankamva ngati waponda makala, madzulo ngati wina akumubaya ndi masingano kunsi kwa zala. Mayi amene anakalambira m'khitchini ya pasukulu, kuima tsiku lonse kuphikira ana a eni, tsopano ankalephera kuima mpaka madzi a khofi awire. Mapiritsi opha ululu ankamusanzitsa ndi kumuledzeretsa ngati chidakwa. Pomaliza dokotala wake anamulembera chiphaso cha chamba cha mankhwala.

Poyamba anakana kwamtuwagalu. Iye, mayi wa kwaya ya kutchalitchi, chamba? Koma sichinali chosuta. Anali mafuta a m'kabotolo kabulauni, madontho ochepa pansi pa lilime m'mawa ndi madzulo. Tsiku limene anagona mpaka kucha osadzukira mapazi, manyazi onse anathera pomwepo.

Vuto linali msewu. Kwawo ku Montana kabotoloko kanali mankhwala ngati ena onse. Ku Washington kumene ankapita, munthu wamkulu ankangolowa m'sitolo n'kugula. Koma pakati pa zigawo ziwirizi pali Idaho, kamkono kake kopyapyala kodutsa m'mapiri, ndipo ku Idaho chiphaso cha ku Montana chinali pepala wamba. Akakupeza ndi kabotolo, ndi mlandu basi.

Wendell analowa akukutumula utuchi pajekete. Anali bambo wamtali wosalankhulalankhula, amene anapuma ntchito yoyendetsa malole a mitengo phewa lamanja litayamba kumuvuta. Anapeza mkazi wake akulongedza.

"Kabotolo kako usiye," anatero. "Tikagula konko."

"Konko akandipatsa za anyamata osuta aja. Zangazi ndinavutika kuti ndipeze zondiyanja."

"Marlys, kuwoloka nako malire ndi mlandu. Ukufuna mdzukulu adzakuonere kuseri kwa waya wa kundende?"

"Ndani angaseche gogo ngati ine?"

"Lamulo silidziwa gogo."

Marlys anamuyang'ana kwa kanthawi, kenako anausa moyo. "Chabwino, ndasiya. Mwasangalala?" Anadonthezera madontho a m'mawa pansi pa lilime, n'kukaika kabotolo pashelefu ya kubafa, mwamuna wake akuona.

Wendell atatuluka kukaliza pikiapu kuti injini itenthe, Marlys anabwerera kubafa chozemba. Sanali kufuna kuphwanya lamulo la munthu. Chimene ankaopa chinali madzulo: kukhala m'chipatala cha eni, mwana wake akubuula, iye mapazi akuyaka, osatha kuima pambali pa bedi. Anatenga kabotolo kaja, n'kukakulunga m'sokosi yaubweya, n'kukakankhira pansi penipeni pa chikwama cha m'manja. Pamwamba anaikapo kachipewa kamene analukira khanda, ndi pepala la nyama yofutsa ya mphalapala yoti azitafuna m'njira. Chikwamacho anachisiya pathebulo la m'khitchini n'kupita kukasintha nsapato.

Anatuluka mu Missoula, tauni yakwawo, kunja kutachita mitambo. Msewu unkatsata mtsinje, kenako unayamba kukwera. Atafika pamwamba pa phiri, chipale chofewa chinali chitayamba kugwa, chopepuka ngati ufa. Pamenepo ndi pamene panali chikwangwani cholandira alendo ku Idaho. Marlys anachiona n'kukumbatira chikwama pamiyendo. Wendell ankaimba likhweru motsatira wailesi.

"Wakhala chete bwanji?" anafunsa.

"Ndikuganiza za Tessa."

"Tessa ndi wolimba. Anatengera iwe, mutu ngati mwala."

Anatsetsereka phirilo bwinobwino n'kudutsa timatauni ta migodi tili m'chigwa. Marlys anayamba kudziuza kuti anadandaula pachabe. Nthawi yomweyo kunamveka phuu! kumbuyo, galimoto inagwedezeka ngati yaledzera, ndipo Wendell analimbana ndi chiwongolero mpaka anaiimika m'mbali mwa msewu. Tayala lakumbuyo linali litaphwa, litang'ambika m'mbali.

Wendell anatulutsa jeke, sipanala ndi tayala lapadera. Koma manati anali atachita dzimbiri. Anakanikiza ndi dzanja, anaponda ndi phazi, anatukwana pang'ono, nati imodzi yokha ndi imene inavomera. Marlys ankamuona pagalasi akugwira phewa lake, nkhope itakwinyika. Malole ankadutsa n'kumawathira madzi akuda a pamsewu.

Kenako pagalasi lomwelo panawala nyali zabuluu.

Galimoto ya apolisi inaima kumbuyo kwawo, ndipo munatsika wapolisi wonenepa bwino, wamasharubu, wazaka ngati za Ramon. Pachifuwa panalembedwa kuti Oberg. Analankhula ndi Wendell, anawerama n'kuona manati aja, kenako anadza pawindo la Marlys.

"Muli bwanji, mayi? Bambo akuti mukuthamangira mdzukulu. Musadandaule, ndili ndi sipanala yaitali, tithana nazo pompano. Koma mutsike kaye, sitingakweze galimoto muli momwemo."

Marlys anatsika. Mapazi atangogunda chipale anadzandira, n'kugwirira chitseko.

"Mapazi ake ndi ovuta," anatero Wendell. "Kuzizira sagwirizana nako."

"Ndiye asaime pano. Tiyeni mukakhale m'galimoto yanga, mukutentha."

"Ayi, zikomo, ndili bwino pano."

"Mayi, mayi anga atamva kuti ndinasiya munthu wamkulu pachipale ine ndili ndi galimoto yofunda, angandikoke khutu. Tiyeni."

Marlys anaganiza zosiya chikwama pampando wa pikiapu. Koma wapolisiyo, mwaulemu wake, anachitola yekha n'kumupatsira. "Musaiwale ichi. Akazi anga amati mkazi wopanda chikwama ali ngati wavula." Anamugwira mkono mpaka kugalimoto, anamutsekulira chitseko chakutsogolo, anamukhazika, n'kutseka.

Munali mofunda zedi. Marlys anali asanapume n'komwe pamene anamva mpweya wotentha kukhosi kwake. Anacheuka. Kuseri kwa waya wogawa galimotoyo kunali galu wamkulu wamakutu osongoka, mphuno ataitsamiritsa pawaya, akununkhiza.

Agalu oterewa Marlys ankawadziwa ntchito yawo: kununkhiza chamba ndi zina zoletsedwa.

Anakhala chowuma ngati chitsa. Galuyo ananunkhiza tsitsi lake, ananunkhiza phewa, kenako mphuno inatsika kulunjika chikwama. Anayamba kulira chapansipansi, mwendo ukukanda waya. Marlys anasuntha chikwama kupita kumbali ya chitseko. Mphuno inatsatira.

"Khala chete, mwana wabwino," ananong'ona. Galuyo anauwa kamodzi.

Maganizo anamubwerera ambirimbiri, onse opusa. Atsekule windo n'kuponya sokosiyo kunja? Patsogolo pake penipeni panali kamera, diso lake lili tong'o. Amwe mafuta onsewo? Ndiye akafika kwa mdzukulu atamunyamula pamachira. Anaona dzina lake m'nyuzipepala ya kwawo. Anaona amayi a kwaya akunong'onezana pomwa khofi. Chimene chinamupweteka kwambiri n'choti Tessa adzakhala akuyang'ana kuchitseko, kufunsa kuti amayi afika kodi, Ramon n'kumasowa choyankha. Mapazi nawo, ngati amva kuti pali zokambirana, anayamba kuyaka.

Kunja, amuna awiri aja ankagwira ntchito ngati anadziwana kalekale. Wapolisi ankamasula manati, Wendell ankapukusa jeke. Nthawi ndi nthawi Wendell ankadzutsa mutu n'kuyang'ana mkazi wake kudzera pagalasi, nkhope ili ndi nkhawa imene Marlys sanaimvetse. Iye sankadziwa kanthu, nanga ankaopa chiyani?

Tayala latsopano litalowa, wapolisi anasiyira Wendell kumanga manati n'kubwera kugalimoto yake akupukuta manja. Anatsekula chitseko chake, galu n'kuyamba kulumphalumpha, akulira ndi kukanda waya.

"Juno, iwe! Ulemu uli kuti?" Wapolisi anayang'ana galu, anayang'ana chikwama, kenako Marlys. "Mayi, m'chikwamamo muli chiyani kodi?"

Marlys sananamepo kwa wapolisi chibadwire, ndipo anaona kuti sangayambe lero.

"Bambo, ine ndine wodwala," anayamba. "Ndinadwala khansa, ndiye mapazi angawa..." Anatsekula zipi kuti atulutse yekha asanamulande. Chinthu choyamba kutuluka chinali pepala la nyama yofutsa lija, lotseguka kukamwa. Galu anachita ngati wapenga, mchira ukumenya mpando, dovu likuyenderera pawaya.

Wapolisi anaphulika kuseka. "Ndinadziwa ine! Nyama ya mphalapala imeneyo? Mayi, galu uyu akamva fungo la zimene anaphunzira, salira ayi. Amangokhala pansi phee n'kundiyang'ana. Akamachita phokoso chonchi, ndi dyera basi. Amandichititsa manyazi tsiku ndi tsiku." Anapukuta misozi ya kuseka. "Pepani, ndakudulani. Mumati chiyani za mapazi?"

Dzanja la Marlys linali m'chikwama, zala zitagwira kale sokosi ija. Anazimasula pang'onopang'ono.

"Ndimati... kuzizira kumawapweteka."

"Ndiye fulumirani mukafike kofunda. Ife tili ndi mapasa kunyumba, apongozi anga anachedwa kubwera tsiku limene anawo anabadwa, mpaka lero nkhani yake sinathe."

"Ndingamupatseko kanyama?" anafunsa Marlys.

"Saloledwa ali pantchito. Koma ine ndimaloledwa." Anatenga kachidutswa n'kuponya m'kamwa, galu akumuyang'ana ngati wamulanda cholowa.

Ananyamuka, wapolisi akuwabayibitsa. Anadutsa m'mbali mwa nyanja, anadutsa tauni yaikulu ya kumeneko, Marlys atakumbatira chikwama. Chikwangwani cha Washington chitangodutsa, anati, "Imani."

"Tatsala pang'ono kufika."

"A Wendell, imani, ndisanakusanzireni m'galimoto."

Wendell anakhotera pamalo opumira apaulendo n'kuzimitsa injini. Marlys anabisa nkhope m'manja n'kuyamba kulira, kulira kwenikweni kogwedeza mapewa.

"Ndinakunamizani," anatero. "Kabotolo kaja sindinasiye. Kali muno. Ndakhala nako m'galimoto ya apolisi, galu ali pakhosi pangapa. Ndinatsala pang'ono kumupatsa munthu uja ndi manja anga. Mulungu yekha ndi amene anatseka mphuno za galu uja, sindikudziwa kuti zatheka bwanji."

Wendell anakanda chibwano. "Tatulutsa tione."

Marlys anapisa dzanja, anatulutsa sokosi, n'kuikutumulira pamiyendo. Munagwa kabotolo kabulauni. Anakatola, anakayang'ana, anakatembenuza. Kanali kabotolo ka vanila kamene ankathira m'makeke.

Marlys anakaonetsa mwamuna wake.

"Ichi n'chiyani?"

"Vanila," anatero Wendell.

"Ndikuona kuti ndi vanila! Wafika bwanji m'sokosi yanga?"

"Ndinabwerera kubafa kukatenga mapiritsi anga a BP, ndinapeza pashelefu palibe kanthu. Chikwama chili pathebulo, iwe uli kuchipinda ukulimbana ndi nsapato. Ndakhala nawe zaka zonsezi, Marlys. Ukabisa chinthu umabisa m'sokosi. Ndikanangochotsa ukanazindikira pogwira, ndiye ndinaikamo chofanana nacho. Kako kali m'kabati, kuseri kwa shuga."

Marlys anatembenukira mwamuna wake. Mawu onse anatulukira pamodzi.

"Iwe mdala iwe! Wandisiya ndife ndi mantha m'galimoto muja, ukudziwa kuti ndanyamula zophikira makeke?"

"Ndikanakuuza bwanji? Wapolisi ali pambali panga, ine ndikuwe kuti, usaope mkazi wanga, chamba chako ndinachichotsa?"

"Ukanandiuza m'njira!"

"Ukanandibweza kunyumba. Ndiponso iwe unandiuza kuti wasiya. Ndimati tingoyenda tonse ngati anthu okhulupirirana." Anapukusa mutu. "Koma pamene ndinakuona pagalasi paja, nkhope itayera ngati chipale, ndinati mayi uyu aulula mlandu umene sanapalamule. Manati aja ndamanga ngati ndili pampikisano. Phewali silikumva n'komwe."

Marlys anamumenya ndi sokosi ija paphewa lomwelo. Anamumenyanso. Pachitatu dzanja linafooka chifukwa kuseka kunali kutamugwira, kuseka kosakanikirana ndi misozi, mpaka anatsamira chitseko akupuma movutikira. Wendell naye ankaseka chamumtima monga mwa chizolowezi chake, mapewa okha akugwedezeka.

"Ndikanamupatsa vanila," anatero Marlys. "Ndikanati, bambo, ndimangeni, nayu vanila."

"Akanakufunsa kuti keke ili kuti."

Kuseka kutatha, Marlys anapukuta m'maso n'kuyang'ana mapazi ake. Moto uja unali utakwera kufika mu akakolo.

"Inu mukuseka," anatero motsitsa mawu, "koma simudziwa mmene madzulo amakhalira ndikapanda kumwa."

"Ndimadziwa. Ndimagona pambali pako." Wendell anatulutsa foni m'thumba la jekete, anaikodolakodola ndi chala chake chakuda ndi girisi, n'kumuonetsa. Anali atajambula pepala la pakabotolo kaja, mbali zonse, manambala akuoneka bwino. "Tikawaonetsa ichi. Akatipatsa chofanana nacho, kapena choyandikira. Tikapanda kupeza sitolo yoyamba, tipita ina."

Marlys anangoika dzanja pabondo la mwamuna wake n'kulisiya pomwepo mpaka analowa mu Spokane.

Sitolo anaipeza m'mbali mwa msewu waukulu, pakati pa malo ochapira galimoto ndi ogulitsira matayala. Marlys ankayembekeza mdima ndi utsi, koma munali mowala ngati mogulitsira magalasi a maso. Mlonda wa pakhomo anawapempha ziphaso zosonyeza zaka zawo, Wendell n'kumufunsa ngati imvi sizikukwanira. Wogulitsa anali mayi wachikulire ndithu, wa ndolo pamphuno. Anayang'anitsitsa chithunzi chija, anapita kumashelefu, n'kubwera ndi timabotolo tiwiri.

"Chenicheni chanucho kuno kulibe, amapanga kwanu konko," anatero. "Koma ichi chikufanana nacho kwambiri. Chinachi n'champhamvu, sindingakulangizeni. Yambani ndi madontho ochepa kuposa amene munazolowera, ndipo dokotala wanu mumuimbire mawa, adziwe."

"Sichindiledzeretsa? Ndikupita kukanyamula khanda."

"Mukatsata zimene ndanenazi, ayi. Ndi mdzukulu woyamba?"

"Woyamba."

"Ine ndili nawo anayi. Mapazi akasiya kuwawa, msana uyamba. Yendani bwino, agogo."

Marlys anadonthezera madontho aja ali m'galimoto, pabwalo la sitolo, masana dzuwa likuswa mtengo, anthu akudutsa osamuyang'ana n'komwe. Kakomedwe kake kanali kosiyana pang'ono, kowawira ngati khungu la lalanje. Anatseka maso n'kudikira. Sizinachitike msanga. Anafika kuchipatala, anasochera kawiri m'makonde, Wendell akukana kufunsa njira. Ali m'chikepe chokwera kuchipinda cha amayi oyembekezera, Marlys anazindikira kuti waima osatsamira khoma. Moto uja sunazime wonse, koma unali utatsika, wasanduka phulusa lofunda.

Ramon anawachingamira pakhonde, maso ofiira, malaya atavala chotembenuza. "Ndi mtsikana!" anatero, n'kukumbatira onse awiri nthawi imodzi. "Wabadwa posachedwapa. Tessa ali bwino. Amangofunsa kuti muli pati."

Tessa anali atagona chotsamira mapilo, tsitsi litamatirira pachipumi, kamwana kali pachifuwa atakakulunga m'bulangeti. Ataona mayi ake, anawatambasulira dzanja.

"Amayi, mwachedwa."

"Funsa bambo akowa."

Namwino anaona manja a Wendell n'kumulozera kusinki asanayandikire bedi. Marlys anasamba m'manja msangamsanga, n'kutambasula mikono. Kamwanako kanali kopepuka, kofiira, kamphuno kophwatalala, kakutsinzina ngati kakwiya kuti akadzutsa.

"Khalani pansi, amayi, mapazi anu," anatero Ramon akukoka mpando.

"Ndiima kaye."

Anaima pawindo akukagwedeza pang'onopang'ono, ndipo ali chiimire anawafotokozera zonse, kuyambira pa sokosi mpaka pa vanila. Mbali ya Wendell anaiwonjezera mchere kuti aoneke wolakwa kwambiri. Wendell ankatsutsa ali kusinki, akupala girisi m'zikhadabo. Atafika pa galu ndi nyama yofutsa, Tessa anagwira pamimba.

"Amayi, chonde siyani, andisoka ine! Musandiseketse!"

"Ndiye pobwerera mutani?" anafunsa Ramon.

"Chimene ndagulachi chitsala kwanu, m'kabati yapamwamba, yokhoma," anatero Marlys. "Ndizichipeza ndikabwera. Ndipo ndizibwera pafupipafupi, muzolowere."

Wendell anabwera akuonetsa namwino manja ake mbali zonse ngati mwana wa sukulu. Namwino anagwedeza mutu kuvomera. Iye anaima pambali pa mkazi wake n'kutambasula mikono.

"Dikirani," anatero Marlys. "Sindinathe."